Chitini cha Apongozi

Chaka cha 1984, mu Garden monse, komboni yathu ya mu Lusaka, munalibe wondiposa pa mabuleki. Sindikudzitama, funsani. N'chifukwa chake ba Chisala anandibweretsera Datsun yawo ya mpikisano, patatsala sabata imodzi kuti akathamange. Ikanangoima bwino pamakona, eni magalimoto onse a liwiro akanadziwa dzina la ine Fanwell.

Timalabala ta m'masilinda a mabuleki ndinatipeza ku Matero nditayenda masiku atatu, ndipo tinali totsiriza. Koma mafuta a mabuleki, ha! M'masitolo munali mashelufu okhaokha.

Lachiwiri apongozi anga, atate a Maud mkazi wanga, anabwera wapansi kuchokera ku Kabanana, chitini m'manja.

"Mwananga, ndamva vuto lanu. Ndakupezerani kwa mnzanga."

Makanika aliyense amadziwa kuti mafuta osadziwika umayamba wawadontheza m'madzi. Enieni amasungunuka, achinyengo amayandama. Madzi anali pomwepo m'beseni. Koma mphatso ya apongozi ungaiyese iwo akuona, ngati ukuwaganizira kuti ndi akuba? Ndinagwada, n'kulandira ndi manja awiri. Iwo anakhala pa tayala kuti aone ntchito, ine n'kuthira. Maud ankapopa chopondera, ine kunsi ndikuchotsa mpweya. Chopondera chinalimba bwinobwino, apongozi n'kuwomba m'manja.

Lachisanu ba Chisala anaiyesa galimoto ija mu msewu wa fumbi. Atangoponda kawiri, mawilo anagwira osasiyanso, n'kuyamba kufuka. Nditatsegula masilinda, mayo ine! Timalabala tonse titatupa ngati nyemba zogonera m'madzi. Mafuta aja anali osakaniza ndi oyilo wa injini. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa tina kunalibe mu Lusaka yense.

"Ba Fanwell, ni ndani anakupatsani vinthu ivi?" anafunsa ba Chisala mwaukali. "Mutchuleni chabe, motoka izasala kuno kwa imwe."

Apongozi anali pakhonde, atabwera kudzaona galimoto ikuthamanga. Maud anandiyang'ana, osaphethira.

"Palibe. Nine ninalakwisa kusankha," ndinatero.

"Zaka twente pa nchito, simuziba mafuta?"

Ba Chisala anaikoka galimoto yawo ndi lole masana omwewo, anthu a mu Garden atadzaza msewu. Mbiri yoipa siigona panjira: pofika Lolemba ngakhale a matakisi anali kundilambalala.

Apongozi anamwalira akuuzabe anthu kuti mkamwini wawo ndi munthu waulemu, kungoti ntchito saidziwa.