Makina a mu Mlambe wa Njuchi

Chaka chimene anthu ankabwerera kuchokera ku Malawi, kumudzi wa m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta kunalibe munthu woyenda maso ali kumwamba. Aliyense ankayang'ana pansi, khasu lili m'manja, kufunafuna pomwe anakwirira katundu wake tsiku lothawa nkhondo. Uyu wafukula miphika, uyo wafukula njinga yodyeka matayala n'kuikwera pomwepo ili choncho, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Nthungululu zinkalira tsiku lonse, ndipo ukamva imodzi unkadziwa kuti wina wapeza mbale zake.

Vanda analibe chokumba. Chake chinali m'mphako ya mlambe kuseri kwa bwinja lawo: makina osokera a malemu mwamuna wake, telala Jeremiya. Tsiku lothawalo Jeremiya anawazula pathebulo, n'kuwakulunga ndi lona, chinsalu chokhuthala chosalowa madzi, n'kuwalowetsa mmenemo. Anaperekeza mkazi wake mpaka pabwato, anamuuza pomwe wabisa, kenako anabwerera kukatenga mayi ake, ndipo sanaonekenso. Zaka zisanu ndi ziwiri za kumsasa wa othawa nkhondo Vanda anaphunzira kusoka pa makina a eni, akulera yekha Talandira, mwana amene anabadwira komweko. Makina a mumlambewo ndiwo anali chiyembekezo chake chonse. Akawapeza adzakhala nawo pakhonde kumsika wa Insaca n'kumadzidyetsa yekha. Akapanda kuwapeza adzakalambira pakhomo pa mlongo wake Vitorino, kudikira kuti mlamu amutapire mchere.

Koma Vanda anali ndi vuto limodzi, phuma. Sanabadwe nalo, nkhondo ndiyo inamusiyira. Ankadya chiimirire, ankayankha funso lisanathe, ndipo mbale ikagwa kwa aneba iye ankapezeka ataima kale panja, mwana ali kudzanja. Ndiye atangotsika m'galimoto yowabweretsa, anzake akupatsana moni, iye anali atauyatsa kale ulendo wa kumlambe. Analowetsa mutu m'mphakomo, ndipo liwiro lobwerera linaposa lopitira. Mu mlambe munali mutakhazikika njuchi, mudzi wathunthu, malesa ali lendelende pamwamba penipeni pa lona.

"Moto basi," anatero Vitorino, akuyang'ana mlomo wotupa wa mlongo wake. "Mitolo iwiri ya udzu, nkhani yatha."

"Achimwene, motowo usungunulira lona pamakina, zitsulo zipindika."

"Nanga ine ndimange nyumba pafupi ndi zilombo zimenezi, ana ali yakaliyakali? Ndakupatsa mpaka Loweruka. Likakwana, ndikuyatsa."

Mawa lake kunabwera Hamida atasenza dengu la milamba yowamba. Anali mnzake wa Vanda wa paubwana, Msilamu wa kunyanja, mmodzi mwa anthu amene sanathawe koma anapulumukira m'mabango a Chiuta. Hamida ankachita zinthu mosafulumira, moti ukamutuma kukapala moto ankabwera nkhuni zitaphukira. Anatula dengu, anayang'ana mnzakeyo nthawi yaitali, kenako anafunsa, akumutcha mana, kutanthauza mchemwali:

"Mlomo umenewu, mana, wakupsompsona ndani?"

Vanda anafotokoza zonse ndi mpweya umodzi, manja akuuluka uku ndi uku. Hamida anamusiya mpaka atatha.

"Bambo anga anali ndi ming'oma ya njuchi makumi awiri. Ankati njuchi siziluma munthu, zimaluma phuma. Khomo la mphakoyo ndi laling'ono, ine ndi chiuno changachi sindingalowe. Ulowa ndiwe, koma osati ndi mtima umenewo."

"Ndiye ndiubwereke kuti wina?"

"Ukhazike pansi womwewo. Tsiku lina asilikali anaima pagombe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, ine ndili m'bango, madzi ali m'khosi. Mtima ukathamanga thupi limanjenjemera, thupi likanjenjemera bango limagwedezeka. Ndinaphunzirira pamenepo."

Sukuluyo inayamba tsiku lomwelo pansi pa mtengo wa mango. Hamida anamukhazika pamphasa, msana chilili, manja pamaondo. Anamuuza kukoka mpweya ndi mphuno mpaka mimba itatukuka, n'kuutulutsa pang'onopang'ono ngati akuuzira phala la khanda. Iye mwini ankayendetsa mikanda yake yopempherera, kutchula dzina la Mulungu pa mpweya uliwonse, ndipo anauza Vanda kuti atchule mapemphero akwawo kutchalitchi kwa apadiri kapena angowerenga mpweyawo.

Kunena zoona, tsiku loyambalo kunali kuseketsa anthu. Vanda anawerenga mipweya itatu n'kukumbukira kuti sanatseke nkhuku, pamene nkhuku analibe. Anawerenga inayi n'kudzuka kuti wamva Talandira akulira, mwanayo ali phee pambali pake. Amayi opita kumadzi ankaima n'kumafunsa ngati awiriwo akufungatira mazira.

"Maganizowa sakundisiya," anadandaula Vanda.

"Usawathamangitse. Ndi nkhuku za eni, zitolatola pabwalo n'kumapita. Iwe bwerera ku mpweya wako."

Tsiku lachiwiri anafika makumi awiri. Lachitatu ntchentche inatera pamphuno pake, inayendayenda mpaka pachikope, iye osaiwomba. Hamida anaseka n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Vanda anasangalala ngati mwana wopambana mayeso, mpaka anadumpha n'kugwetsa dengu la nsomba.

Loweruka kunacha ndi chisanu cha mwezi wa Juni, chimene chimaziziritsa njuchi nkhongono. Mbiri inali itawanda, ndipo mudzi wonse unasonkhana chapatali, ena atafunda zitenje mpaka kumutu. Vitorino anafika ndi mitolo yake iwiri ya udzu n'kukhalira pomwepo. Hamida anatikita masamba a chinangwa m'manja, m'khosi ndi kumaso kwa mnzake, anayatsa zitsononkho m'phale kuti zifuke utsi, n'kulikankhira pakhomo la mphako ndi ndodo.

"Ikakuluma usaiphe," anatero. "Yophedwa imaitana zinzake. Pumira pansi, usaziuzire."

Vanda anagwada n'kuyamba kukwawa. Mkati munali mdima wofunda, fungo la uchi ndi utsi, ndi phokoso limene linkamveka m'mano momwe. Njuchi yoyamba inatera padzanja, kenako khumi, kenako anasiya kuwerenga. Zinkayenda m'mikono, m'makutu, m'mphepete mwa milomo. Anatambasula manja n'kukhudza lona, ndipo pomwepo imodzi inamubaya kuseri kwa khosi.

Mtima unalumpha. Miyendo inafuna kuchita zimene inazolowera zaka zonsezi, ndipo dzanja linali litanyamuka kale kuti liwombe. Phokoso la njuchi linakwera. Vanda analiimitsa dzanjalo m'malere momwemo, anaweramitsa mutu, anakoka mpweya mpaka mimba inagunda maondo, n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Anakokanso. Ululu unalipo, mantha analipo, koma anangoziyang'ana osazitsata. Pa mpweya wachisanu phokoso lija linatsika, ndipo anazindikira kuti njuchizo sizinkamulondola iye, zinkangogwira ntchito yawo. Kwa nthawi yoyamba chichokereni pabwato paja, panalibe chomuthamangitsa. Anakhala pamenepo kanthawi ndithu, wosangalala, njuchi zili thupi lonse.

Kenako anamatula lesa limodzi limene linamatirira ku lona, analiika pambali bwinobwino, anakumbatira katunduyo n'kuyamba kubwerera chafutambuyo.

Anthu ataona mapazi ake, kenako msana, kenako mtolo wakuda uli pachifuwa, amayi anatsegula pakamwa kuti aimbe nthungululu. Hamida anatukula dzanja, ndipo nthungululuzo zinatsamira kukhosi. Panali anthu oposa zana akuvinavina chamumtima, ena ataluma nsalu, mkulu wina akudumpha ndi mwendo umodzi popanda mawu. Vanda anayenda pakati pa bwalo ngati mkwatibwi, phazi limodzi, kupuma, phazi lina, njuchi zikunyamuka imodziimodzi kubwerera kwawo. Itachoka yomaliza, Hamida anatsitsa dzanja, ndipo phokoso limene linabuka linamveka mpaka kwa asodzi kunyanja.

Anamunyamula, anamutsitsa, anamupukuta, aliyense akufuna kugwira lonalo. Vitorino anapala uchi umene unatsalira pamwamba pake, ananyambita chala, n'kulengeza kuti iye chiyambire sankafuna kumanga pafupi ndi mlambewo, malo abwino ali kumtunda. Palibe anamutsutsa, anthu anali otanganidwa ndi kuseka.

Njuchi zinali zitamata mipata yonse ya lona ndi phula, moti anachita kudula ndi mpeni. Vanda anafunyulula yekha, mosafulumira, anthu atapanikizana pamapewa ake. Makinawo anatuluka akuda bii, akunyezimira, opanda dzimbiri ngakhale pang'ono, akununkhira mafuta ndi uchi. Nthungululu zinayambiranso, koma Vanda sanazimve, chifukwa pansi pa singano panali nsalu.

Jeremiya anakulunga makinawo ntchito ili pomwepo, msoko uli pakati. Vanda anaitambasula nsaluyo n'kuizindikira. Inali kapulana yake, nsalu yovala ya maluwa achikasu, imene inasowa pachingwe mlungu womaliza uja, iye n'kunamizira mbuzi. Tsopano inali diresi losatha. Anayeza mapewa ndi chikhatho, anali ake enieni. Anayeza chifuwa, chinali chake. Koma pamimba telala anasiya nsalu yambiri, yopindapinda mwaluso, yoti izimasuka mwezi ndi mwezi.

Nthawi imeneyo Vanda anali ndi pakati pa miyezi iwiri, ndipo anali asanauze munthu. Ankadikira tsiku labata loti amuuze mwamuna wake, tsikulo silinabwere, ndipo pabwato paja mawu anamukanika. Zaka zonsezi chimene chinkamudzutsa pamphasa ndi kumulanda chakudya pakamwa chinali chimenechi, kuti Jeremiya anapita osadziwa kuti wasiya mwana.

"Mana, walumidwanso?" anafunsa Hamida ataona misozi.

"Ankadziwa," anatero Vanda, akumuonetsa mapindowo. "Taona, ankadziwa."

Anakhala pansi, anaika makinawo pamtondo wovundikira, anaitana Talandira kuti agwire nsonga ya nsalu. Kenako anagwira kagudumu n'kukazunguza pang'onopang'ono. Singano inatsika, inakwera, inatsikanso, n'kupitiriza msoko kuyambira pomwe Jeremiya analekezera.