Kumbani Mbatatesi Lero

Ndinamuuza Kingsley, mnzanga wa kuntchito, kuti fayilo yoyambira ija aisiye yopanda kanthu. M'pulogalamu yathu yotumizira mauthenga kwa alimi a mbatatesi a ku Kaphuka muli kafayilo kotchedwa __init__.py. Munthu akangotsegula pulogalamuyo, zonse zolembedwa m'kafayiloka zimayamba kugwira ntchito zokha, osafunsa aliyense.

"Achemwali, inu mumakonda kuvutitsa zinthu," anatero Kingsley. "Timizere titatu tokha. Tikatsegula, mauthenga odikira azingopita okha."

Ndinangoti chabwino, poti ndinali nditatopa kukangana naye. Kutopa kwangako ndimakunong'onezabe bondo mpaka lero.

Lachiwiri m'mawa, nkhungu isanachoke n'komwe, ndinatsegula pulogalamuyo kuti ndingowonjezera nambala ya mlimi watsopano. Foni yanga inalira. Ya Kingsley nayonso inalira.

"Kumbani mbatatesi lero. Lole ya wogula ifika mawa."

Uthengawu tinaukonzeratu kuti udzapite mwezi wamawa. Tsopano unali utafika kwa alimi mazana awiri, mbatatesi zisanakhwime. Zotere khungu lake limasupuka ndi chala, ndipo ukazikumba sizitha sabata zisanawole.

"Tumiza wina wowaletsa!" ndinakuwa.

Kingsley analemba msangamsanga. Uthenga unapita, inde, koma kuno munthu akamapita kumunda foni amaisiya kunyumba. Tinaimbira mmodzimmodzi, ambiri osayankha. Ndinaimbira bambo anga, a Benedicto. Anayankha ndi amayi.

"Apita kale kumunda ndi makasu. Aitananso azilamu awo kuti athandizane."

Ndinakwera njinga yamoto ya kalabu yathu ya alimi. Munda umenewo ndiwo wokha tili nawo. Msewu unali woterera, ndipo pachitunda chomaliza ndinaisiya njingayo n'kuthamanga wapansi.

Ndinapeza mizere yoposa theka itakumbidwa, timbatatesi tating'ono ngati mazira a nkhunda titaunjikidwa m'mbali. Bambo anaweramuka, napukuta thukuta, akumwetulira.

"Tawonga, wabwera kudzatithandiza?"

"Bambo, siyani. Lole sikubwera. Uthengawo unapita molakwika."

Makasu onse anaima. Bambo anatola kambatatesi kamodzi, nakapekesa ndi chala, khungu n'kusupuka.

"Ndinaona ndithu kuti sizinakhwime," anatero motsitsa mawu. "Azilamuwa anandiletsa. Koma ndinawauza kuti uthengawu amalemba ndi mwana wanga, sangatinamize."