Munthu wa Thabwa pa Khonde la Mayi Vondra

Kwathu kuno ku Nebraska, aliyense amene ali ndi chimbalangondo chakuda cha thabwa pabwalo pake anachigula kwa a Verlin Stadheim. Ankacheka zimbalangondo, agalu, atsekwe, komanso woweta ng'ombe wotsamira mtengo uja, chipewa chitaweramira kumaso. Zonsezi ankazipaka penti yakuda. Zinalibe maso, zinalibe pakamwa, koma munthu ankazizindikira ali patali.

Kale ntchitoyi ankaigwira awiri ndi mkulu wawo, a Arlo. Wina ankaima padzuwa kuti chithunzithunzi chake chigwere pa thabwa, winayo n'kumatsatira m'mphepete mwake ndi choko. Munthu sungalemberere chithunzithunzi chako wekha, chifukwa ukangotambasula dzanja nachonso chasuntha. Chimwalirireni a Arlo, a Verlin sanapangenso chatsopano. Ankangogoneka pa thabwa zikatoni zakale zimene mkulu wawoyo anasiya atadula, n'kumacheka zomwezomwezo, wailesi ikudzilankhulira yokha pakona.

Anthu atangotha kukolola chimanga, kushedi kwawo kunafika Mayi Lurene Vondra, mayi wamasiye wa pafamu ya m'mbali mwa msewu waukulu.

"Bambo Stadheim, ndabwera kudzafuna mwamuna."

A Verlin anazimitsa macheka. "Mayi, ndiye mwasochera khomo."

"Wa thabwa, inu. Amoyowa amavuta kudyetsa."

Kenaka anafotokoza. Akuba anali atapopa dizilo yense m'thanki ya pafamu. Mwana wawo Dwight, wokhala ku Omaha, anali atanenetsa kuti mayi ake sangakhalenso okha pamsewu, asamukire kwa iye. Iwo sankafuna kusiya nyumba imene anakhalamo chikwatiwireni. Anaganiza kuti odutsa akamaona mwamuna ataima pakhonde, akuba adzaopa, ndipo Dwight adzakhala chete.

A Verlin analoza woweta ng'ombe amene anali atatsamira khoma.

"Ameneyo ayi," anatero mayiwo. "Ngakhale mwana wakhanda akumudziwa. Ndikufuna munthu weniweni, wa mimba ndi msana wopindika."

"Wotero ndilibe. Pamafunika wina woima padzuwa."

Mayi Vondra anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Nanga inuyo muli ndi vuto lanji?"

A Verlin anatulutsa thabwa lalikulu n'kuliimika kukhoma lakumadzulo. Dzuwa linali litapendeka. A Verlin anaima chammbali, dzanja limodzi m'thumba, ndipo chithunzithunzi chawo chinagwera pa thabwapo. Mayi Vondra anayambira pachipewa, choko chikulira pang'onopang'ono.

"Musakweze phewa. Simuli choncho inu."

"Ndimati ndioneke ngati wamphamvu."

"Akuba amaopa munthu wotopa. Sachedwa kupsa mtima. Bwezani mimbayo pamalo pake."

A Verlin anaseka, mzere n'kukhota, mayiwo n'kufufuta ndi chala. Panali patapita nthawi yaitali chisekereni m'shedimo. Dzuwa lisanalowe anali atacheka, ndipo m'mawa mwake anapala m'mphepete ndi kupaka penti. Munthu wa thabwayo anakamuimika okha pakhonde la Mayi Vondra, pafupi ndi khomo, atayang'ana kumsewu. Anamwa khofi ndi buledi wa mphesa zouma, n'kubwerera kwawo akuimba mluzu.

Sabata isanathe, nkhani inali itafika kumalo odyera kumene amuna amasonkhana m'mawa. A Merle Tuma, ogulitsa zakudya za ng'ombe, ndiwo anayambitsa, a Verlin atangolowa.

"Akulu, dzulo ndadutsa m'mawa muli pakhonde la Mayi Vondra. Ndabwerera madzulo muli pomwepo. Kodi sakukulowetsani m'nyumba?"

"Ndi thabwa lija, a Merle."

"Thabwa la mimba imeneyo? Ife tikuti mwina Lolemba ndi thabwa, Lachiwiri ndi eni ake. Tidziwa bwanji?"

Onse anaseka. A Verlin anamwa khofi wawo mofulumira, makutu akutentha. Kuyambira tsiku limenelo, akamadutsa pafamupo sankakhota, kuopa kuti galimoto yawo ikaoneka pabwalo, mbiri ya mayiwo ingaipe. Ankangochepetsa liwiro, n'kudziona okha ataima pakhomo la eni, kenaka n'kupitirira.

Kwathu kuno ukaona kuti mnzako ali ndi mlendo, sukhota. Umakweza chala chimodzi pachiwongolero, n'kupitiriza ulendo. Khonde la Mayi Vondra lili patali ndi msewu, ndipo uli m'galimoto sungasiyanitse thabwa lakuda ndi munthu wovala jekete. Mayi Opal Hruska, amene ankabwera ndi makeke Lachiwiri lililonse, anafika pachipata, anaona a Verlin, n'kutembenuka mwaulemu. Abusa nawonso anachita chimodzimodzi. Aliyense ankati mumtima, bola tsopano ali ndi wocheza naye. Akuba sanabwerenso.

Chipale chofewa chitayamba kugwa, foni ya m'shedi inalira. Anali Mayi Vondra.

"Bambo Stadheim, mubwere mawa dzuwa likapendeka. Mutenge thabwa ndi choko."

A Verlin atafika anapeza makatoni ataunjikidwa m'chipinda chochezera, zithunzi zitachotsedwa kukhoma. Pamene panali wotchi panatsala malo oyera ozungulira.

"Ndikupita ku Omaha Loweruka," anatero Mayi Vondra.

"Akuba abweranso?"

"Ayi, mlonda wanu wagwira ntchito. Wathamangitsa akuba, wathamangitsa Opal, wathamangitsa ndi abusa omwe. Poyamba ndinkati mwina ndawalakwira. Opal wandiuza dzana kutchalitchi kuti sankafuna kutisokoneza." Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunapite patali. "Akuba sindinkawaopa kwenikweni. Koma kukhala nyengo yonseyi ndikulankhula ndi ketulo, pamenepo ndiye Dwight wapambana."

"Tingathe kumuchotsa lero lomwe. Anthu ayambiranso kubwera."

"Ndavomera kale. Chipinda andikonzera, adzukulu apachika ndi dzina langa pachitseko."

A Verlin anayang'ana chipewa chimene chinali m'manja mwawo. "Ndinkafuna kumabwera, mayi."

"Ndinkakuonani mukuchepetsa liwiro. Ndinkaika madzi pamoto." Anatenga jekete lawo. "Tiyeni, dzuwa lingatithawe. Dwight akuti nyumba izioneka ngati muli anthu mpaka atapeza wogula. Ndiye mundilembe ineyo."

Anaimika thabwa kukhoma la nkhokwe. Mayi Vondra anaima chammbali, manja atapinda pachifuwa, mphepo ikuwawombera tsitsi. A Verlin anayambira pamphumi, natsikira pamphuno, pachibwano, paphewa. Choko sankachigwira kawirikawiri, poti imeneyo inali ntchito ya a Arlo, ndipo dzanja lawo linkayenda mochedwa.

"Mukuchedwa dala, bambo inu."

"Musagwedezeke. Mzere ukhota."

"Mundichotseko pang'ono m'chiunomu."

"Simuli choncho inu," anatero a Verlin.

Chithunzithunzi chinkatalika pamene dzuwa linkatsika, moti pofika kumapazi anachita kuyerekeza. Loweruka masana, galimoto ya Dwight itapita kale, anabwera ndi thabwalo atacheka ndi kupaka, n'kulikhomera pakhonde pafupi ndi linzake lija. Poyamba anasiya mpata waukulu pakati. Anaima kaye, nazula misomali, n'kulisendeza pang'ono.

Nyumbayo sinagulidwebe. Chipale chofewa chimaunjikana pachipewa cha mwamunayo ndi pamapewa a mkaziyo, ndipo alendo odutsa pamsewu amawakwezera chala. A Verlin amadutsapo popita kukagula matabwa. Amachepetsa liwiro, nawonso n'kukweza chala, kenaka n'kukweza wailesi.