Tsiku Lozimitsa Firiji Yachitatu

Anzanga a pa tsamba lino, mwaswera? Ndikudziwa mwatsegula mano ali kale pamtunda, mukuti ndikupusitsaninso ngati sabata yatha ija. Lero ayi. Khalani pansi.

Pa labotale ina ya boma panali bambo wina amene anzawo ankangowatchula kuti a Chisanu. Ntchito yawo inali yosamala mafiriji osungiramo magazi a kafukufuku. Magetsi akangothima, iwo anali kale pa jenereta, tiyi atamusiya akuzizira patebulo. Anzawo ankawaseka kuti firiji yachitatu ndi mkazi wawo wachiwiri. Iwo ankangomwetulira, poti mkazi wawo analidi momwemo.

Mayiwo anadwala khansa ya khomo la chiberekero, ndipo analowa nawo m'kafukufuku wa matendawa. Miyezi itatu iliyonse ankapereka magazi, mpaka tsiku limene anatisiya. Ankati, "Ine zandipeza mochedwa, koma mwina ena apulumukirapo." Timabotolo tawo tinali pakati pa tinzake zikwi ziwiri, kalikonse kali ndi nambala yokha, dzina ayi. Tonse tinkadikira kudzayezedwa pamodzi kafukufuku akafika kumapeto.

Lolemba lina a Pulofesa, mkulu wa kafukufukuyo, anaitana onse. Anati kuunduna kwabwera kalata: chaka chino kafukufuku wawo sali pa bajeti. Mankhwala oyezera sagulidwa. Ayesa kugogoda kwina konse, zakanika. Magaziwo sangaperekedwe kwa ena, chifukwa eni ake sanasainire zimenezo, komanso sangasungidwe popanda kafukufuku. Lachisanu awotchedwe.

"Osayeza ngakhale kamodzi, bwana?" anafunsa a Chisanu.

A Pulofesa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, magalasi oyera kale.

Mawa lake a Chisanu anakagogoda kwa a Makiyi, mayi amene ankasunga buku lokhalo losonyeza kuti nambala yakuti ndi ya uje. Anaika paketi ya mabisiketi patebulo.

"Inu kugula bisiketi?" anatero a Makiyi. "Mvula igwa lero. Mwapalamula chiyani, achimwene?"

"Chemwali, ndikupempha nambala imodzi yokha. Kabotolo kamodzi, ndikakwirire pamanda pake. Asapsere limodzi ndi mabandeji."

A Makiyi anadzuka n'kutseka chitseko.

"Tsiku losaina fomu, alamu anga, akazi anuwo, anakhala pampando mwakhalapowo. Anandifunsa kuti, 'Abambo akunyumba amagwira konkuno. Zimene ndikuuzeni pano sadzaziona?' Ine ndinati ngakhale iwowo sadzadziwa nambala yanu."

"Anali ndi chiyani choti andibise ine? Ine amene ndinkamusambitsa?"

"Mwina palibe. Mwina matenda atawavula zonse, ankafuna kanthu kamodzi kokhala kawokawo. Sindikudziwa. Koma ndinalonjeza, ndipo sangabwerenso kudzandimasula."

"Munthu anapita, kafukufuku wafa, lamulo lokha ndiye lidakali ndi mpweya?"

"M'bukumu muli amayi mazana atatu, achimwene. Ambiri ali moyo, amuna awo tikukumana nawo m'basi. Ndikatsegulira inu, mawa ndidzakanira ndani?"

A Chisanu anadzuka.

"Tengani mabisiketi anu," anatero a Makiyi.

"Idyani. Ndi otsika mtengo, musaope, si ziphuphu."

Palibe anaseka.

Masiku awiri otsatirawo a Chisanu ankaima pa firiji ija n'kumawerenga manambala pa mabokosi, ngati kuti ina iwakodola. Ankayesa kukumbukira masiku amene mkazi wawo ankabwera ku kiliniki, koma tsiku lililonse kunkabwera amayi makumi awiri. Makiyi a ofesi ya buku lija ankadziwa pamene amakolekedwa. Anawayang'ana kawiri, n'kuika manja m'thumba.

Lachisanu a Pulofesa anati ntchitoyo agwire munthu wina. A Chisanu anakana. Anavala magolovesi, nazimitsa okha firijiyo. Chipinda chimene chinkalira usana ndi usiku chinangoti zii.

Inali ntchito ya ola limodzi: kukhuthulira mabokosi m'matumba achikasu, kumanga, kupereka kwa wa kung'anjo. Koma iwo ankatulutsa kabotolo kamodzikamodzi, kukagwira pang'ono m'dzanja, n'kukagoneka m'thumba ngati dzira.

"Madala, tangokhuthulani bokosi lonse," anadandaula wa kung'anjo uja. "Moto ukudya dizilo uko."

"Sindikudziwa kuti mkazi wanga ali m'kabotolo kati," anayankha a Chisanu. "Ndiye dikira."

Cha m'ma leveni a Makiyi analowa osaitanidwa. Anavala magolovesi n'kuyamba kuwagwirira mabokosi. A Chisanu anaona kuti mayiwo, bokosi lililonse likatsegulidwa, ankatembenuzira nkhope kukhoma. Nambala ija ankaidziwa pamtima, ndiye ankaopa kuti maso awo angaime pamene sayenera kuima.

A Chisanu akanatha kuwayang'anitsitsa, kudikira kuti dzanja la mayiwo liulule bokosi lenilenilo. M'malo mwake anagwetsa nkhope, n'kutola kabotolo kotsatira. Anamaliza dzuwa litapendeka, khosi la a Makiyi litauma.

Ine yanga yathera pamenepo, ndipo sindinaikonde. Mukanakhala inu ndi buku lija m'manja, mukanatani? Ilembeni m'munsimu mmene ikanathera kwanuko, mwina wina aipezera njira imene ine yandikanika.