Zithunzi za Esau

"Zonsezi zikwana m'katoni imodzi," anatero a Gwanda, akuyeza mulu wa zithunzi ndi chikhatho.

Jemima anali chiimire pakhomo la chipinda chimene malemu mwamuna wake, Esau, ankajambuliramo. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Ntcheu koika maliro, ndipo nyumba ya ku Kawale inali monga anaisiyira azimayi a kutchalitchi: mipando ili panja, mikeka yopinda ili pakona, zithunzi zonse zitachotsedwa pakhoma n'kusanjikizidwa patebulo. Fungo la penti linali lisanachoke. Maburashi anali m'chitini momwe Esau anawasiya tsiku lopita kuchipatala, atauma gwa.

A Gwanda anali akulu ake a Esau. Anabwera naye limodzi pa minibasi, amvekere adzathandiza kukonza m'nyumba.

"Mukupita nazo kuti, alamu?" anafunsa Jemima.

"Kumudzi. Amayi akufuna kanthu ka mwana wawo. Anangomva kwa anthu kuti Esau wapata mphotho kunja, koma sanaonepo chimene anapatira."

"Nanga Mayankho akabwera kuholide, adzapeza chiyani cha bambo ake?"

A Gwanda anatsokomola, maso ali pakatoni. "Tinene zoona, alamu. Inu mukadali wamng'ono. Mawa lino muno mudzalowa munthu wina, ndipo mapepalawa adzawayatsira mbaula."

"Dothi silinaume pamanda, alamu."

Anayankhula motsitsa mawu, koma a Gwanda anachotsa manja patebulo.

Zithunzizo zinali za buku la ana limene linamupatsa Esau mphotho ya ojambula. Linali la kamtsikana kotchedwa Angel, kothamangitsa ambulera yake yotengedwa ndi mphepo kudutsa mumsika wonse wa Kawale. Dzinja lathunthu Esau ankakhala pansi pa khonde la golosale, akujambula amayi ogulitsa tomato, anyamata a kabaza, agalu onyowa. Ankabwera kunyumba nsapato zili matope okhaokha, n'kudzitsekera muno. Pakapita kanthawi Jemima ankamva mawu: "Amake Mayankho, tabwerani muone. Mwana uyu akuseka kapena akulira?" Nthawi zambiri ankayankha ali kubafa kapena pochapa kuti adikire. Tsopano chilowereni m'nyumbamo makutu ake anali kuchipindaku, kudikira kuitanako.

A Gwanda anakhala pampando wa Esau n'kuyamba kutembenuza zithunzizo chimodzichimodzi. Poyamba ankafulumira, kenaka anachedwa. Pa chithunzi cha ambulera itakodwa pawaya wa magetsi, msika wonse utayang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa, anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi chala.

"Bukuli sindinalitsegulepo," anatero. "Ndinkangoti ndi za ana."

Jemima anayandikira. Analoza m'mphepete mwa pepalalo, pamene panadinda chala cha penti yachikasu.

"Mwaona apa? M'mabuku osindikizawo mulibe. Anafufuta. Mabukuwo ndi a aliyense, alamu, ali m'masukulu, ali m'mashopu. Koma pano anagwira ndi dzanja lawo. Ine ndatsala ndi zimenezi."

A Gwanda anayang'ana kadontho kachikasuko nthawi yaitali. Panja panadutsa wogulitsa makala akuliza belu la njinga.

"Kumudzi denga limadontha," anatero potsiriza. "Ndi chiswe chija. Zithunzizi sizingathe chaka." Anapumira m'mwamba. "Koma kwa amayi ndikalowa bwanji chimanjamanja?"

Jemima anawerama kuseri kwa chitseko n'kutola chikho chagalasi cholemera, cholembedwa dzina la Esau. Chinali ndi fumbi komanso chobenthuka pakona, popeza mwiniwake ankatchingira nacho chitseko kuti mphepo isamachimenyetse. Anachipukuta ndi nsonga ya chitenje, natenga buku limodzi losindikiza pashelefu, n'kupereka zonse ndi manja awiri.

"Mphotho ija ndi imeneyi. Bukuli mukawawerengere amayi. Mukawaonetse tsamba lililonse, musakafulumire."

A Gwanda analandira. Anavula jekete, nakulunga chikhocho mosamala, n'kuchiika m'katoni ija. Kenaka anaima ngati munthu wosowa poika manja.

"Hamala ilipo? Ndikupachikireni ndisanapite."

Jemima anawapatsa hamala ndi misomali. Anatuluka nazo zithunzi kupita pabalaza. A Gwanda ananyamula cha ambulera chija n'kuchigunditsa kukhoma, molingana ndi nkhope yawo.

"Apa pali bwino?"

"Tsitsani."

Anatsitsa pang'ono.

"Tsitsaninso, alamu. Mabowo ake alipo kale."

A Gwanda anayang'ana pansi. Mzere wa timabowo ta misomali unkazungulira khoma lonse, m'munsi, polekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu. Pansi pake laimu anali atada ndi tizala tambirimbiri.

"Ana a m'dera lino ankalowa muno akaweruka kusukulu," anatero Jemima. "Bambo a Mayankho ankati eniake a zithunzizi ndi aafupi, asamavutike kusolola makosi."

A Gwanda anakoka thalauzi lawo la suti m'maondo, nagwada pasimenti, n'kuyamba kufunafuna bowo loyamba ndi nsonga ya msomali.