Khungwa la Muwawani M'thumba la Mbatata

Ine Armindo Chakondwa ndinayamba ndi njinga imodzi pa Kalomwe. Lero magalimoto anga atatu amatula mbatata ya kachewere ku Beira ndi ku Nampula. Mzinda wa Joni ndimaudziwa ngati kuseri kwa nyumba yanga. Koma amene anandichititsa manyazi ndi mlamu wanga Zacarias, munthu woti ngakhale ku Tete sanapondeko.

Mwana wanga Marisa amamaliza maphunziro ku univesidadi. Ntchito yake yotsiriza inali yoyesa ngati khungwa la muwawani, lomwe timamwa m'mimba mukavuta, limaphadi tizilombo toyambitsa matenda. Anandiuza kuti ndimutumizire louma bwino. Ndinatuma Zacarias ku Domwe, khungwa linapita.

Patatha mwezi anaimba foni akuseka. Anati atadonthezera madzi a khungwalo m'timbale momwe amaweteramo tizilombo, tambiri tinafa. Ndinapha mbuzi. Msika wonse wa Ulongwe unamva kuti ndabala dotolo.

Kenako anaimbanso, akulira.

"Ababa, khungwa lija munaliika m'chiyani? Makina opima zimene zili m'madzi aja apezamo mankhwala opopera mbatata. Apulofesolo akuti sizikudziwika chimene chinapha tizilombo, mtengo kapena mankhwalawo. Akana ntchito yonse. Andipatsa masabata atatu, apo ayi ndibwereze chaka."

Zacarias ndinamupeza akukonza khasu.

"Alamu, khungwa munaika m'thumba lanji?"

"Lija timasungiramo ufa wopopera. Ndilo lokhalo linali lopanda chibowo. Komatu ndinalikutumula."

"Munalikutumula! Mutu wanuwo munaukutumulanso?"

"Nanga si tonse kuno timatero? Ngakhale nyemba zanu zija..."

"Nyemba sizilemba mayeso!"

Ndinapita ndekha ku Domwe. Ndinasenda khungwa ndi chikwanje chatsopano, n'kuliyanika pamthunzi masiku asanu, palibe amene ndinamulola kulikhudza. Ndinalikulunga m'nsalu yoyera yogula tsiku lomwelo, ndipo ndinaliperekeza mpaka pakhomo pa labolatoriyo, chipinda choyeseramo cha ku univesidadi.

Marisa anayesanso. Khungwa linapha mtundu umodzi wokha wa tizilombo, pang'ono chabe. Tizilombo tina tonse tinangokhala phee, osafa. Analemba zomwezo, ndipo anakhoza.

Iye akuti zotsatira zazing'onozi ndiye zoona, ndipo akunyadira. Ine ndikunyadira kuposa iye. Koma Zacarias asayerekeze kubwera ku phwando. Mkazi wanga wamupepesera katatu, ndipo ndamuuza kuti mchimwene wakeyo akadyere kwawo.