Dzina Langa pa Mndandanda wa Achemwali

Achemwali anga a Florência ankalembera anthu makalata m'kabaraka kakang'ono ku Mandimba, kuseri kwa maofesi a boma. Wofuna ntchito, wofuna malo, wosamutsa mwana sukulu, onse ankaima pawindo n'kunena zofuna zawo, ena m'Chiyao ena m'Chinyanja, ndipo achemwali ankazisandutsa rekerimento, pempho la m'Chipwitikizi loti bwana aliwerenge osakwinya nkhope. Kompyuta yawo inali yokalamba, ndipo pulogalamu yolembera imene inalimo inatuluka ine ndisanayambe sukulu. Ndinkawaseka nayo. Iwo ankangoti khasu lakalelo ndi limene linanditumiza kukoleji.

Kukoleji ku Cuamba ndinakhalako chaka ndi theka. Ndinalephera mayeso, ndinalepheranso, kenako ndinangosiya kulowa m'kalasi. Sindinauze munthu. Ndinayamba kukonza mafoni ndi mnzanga wina pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo achemwali akaimba ndinkangoyang'ana foni mpaka itatopa kulira. Ndinachita zimenezo miyezi itatu.

Achemwali anamwalira shapa, minibasi imene anakwera, itagubuduka kupitirira Mississi, akubwera ku Cuamba. Mana Salima, mnzawo amene amayendetsa makina a fotokope m'baraka momwemo, anati achemwali anatsanzika kuti akukagula inki ya pulinta chifukwa inali itatha. Za ine sananenepo kanthu. Tinawaika kwathu ku Massangulo, ndipo patatha masabata atatu amayi anandiuza kuti ndikatsegule windo lija, popeza tsopano onse anali atadziwa kuti sukulu ndinaisiya kalekale.

Tsiku loyamba ndinayatsa kompyuta n'kutsegula pulogalamu yakale ija. Pulogalamuyo imasunga mndandanda wa mafayilo asanu ndi anayi amene munthu watsegula posachedwa, waposachedwa kwambiri pamwamba. Ndinaona rekerimento ya a Hamisse, kalata ya Shakila yofunsira ntchito, mayina ena osawadziwa. Pa nambala yachinayi panali polembedwa kuti "E: Kwa Elio".

Elio ndine. Chilembo cha E chimatanthauza kuti fayiloyo sinali m'kompyuta, inali pa fulashi. Fulashi ya achemwali inkakhala pa chingwe cha makiyi awo, ndipo chikwama chawo chinabwera kuchokera pangozi muli chitenje ndi foni yosweka basi. Ndinafufuza m'kompyuta monse, m'madirowa, m'nyumba imene ankachita lendi. Kalatayo kunalibe. Anandilembera, inki palibe, anathandizanso anthu atatu, anatseka, anakwera shapa. Kaya munali mkwiyo kaya chikhululuko, chimene chinanditsalira chinali kamzere kameneko.

Vuto linali lakuti mndandandawo sukula. Ukatsegula fayilo ina, zonse zimatsika ndi sitepe imodzi, ndipo yapansi imagwa. Ndikanagwira ntchito tsiku limodzi lokha m'pulogalamu yakaleyo, dzina langa likanatha pofika masana. Choncho ndinabweretsa pulogalamu yatsopano kuchokera kwa mnzanga wa ku Cuamba uja n'kuiika pambali pa yakale, zonse ziwiri m'kompyuta imodzi. Yatsopano inali ya ntchito, komanso inkatsegula mafayilo amene anthu amabwera nawo m'mafoni masiku ano. Yakale inali yosakhudza. Ndinawafotokozera Mana Salima zonsezi ngati mphunzitsi.

"Bwanji osangojambula kamzereko ndi foni, iwe?" anandifunsa.

"Mana, chithunzi chikhala changa. Ichi ndi chawo. Ndipo palibe chingasowe, zimenezi ndinaphunzira."

"Ee, chaka ndi theka," anatero akusanja mapepala.

Sindinajambule, makamaka chifukwa cha mawu amenewo.

M'mawa uliwonse ndikafika ndinkatsegula yakale, ndinkayang'ana nambala yachinayi, ndinkatseka. Sindinkadinapo, kuopa kuti ikalephera kupeza fayiloyo ilichotsa dzinalo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mapulogalamu awiriwo ankalimbirana mafayilo ngati akazi a pamitala. Imene watsegula komaliza ndi imene imadzitenga kukhala mwini nyumba. Lachitatu lina ndinadina kawiri pa chitsanzo cha rekerimento chimene achemwali anasiya, ndikuganiza kuti chitseguka m'yatsopano. Chinatseguka m'yakale. Ndinatseka msanga ngati ndagwira mbaula, koma dzina langa linali litatsika kale pa nambala yachisanu.

Mankhwala ake ndinawapeza. Ndikatha kuyang'ana yakale, ndinkayenera kutsegula yatsopano n'kudikira kuti ilandenso mafayilo. Inkatenga nthawi, kamzere kobiriwira kakukwawa pagalasi, anthu pawindo akufunsa ngati magetsi athima. Mankhwala osavuta anali kusiya kuyang'ana, koma ndinkati ndikayesa, pofika teni koloko manja ankapita okha. Masiku ena ndinkaiwala kudikira, ena ndinkafulumira chifukwa cha mzere. Pofika Januwale dzinalo linali pa nambala yachisanu ndi chitatu. Onse amene analikankha ndinali ine.

M'sabata imene anthu ankapikisana kupereka mapempho a ntchito za uphunzitsi, wokwezetsa shapa wina dzina lake Yasini anabwera pawindo. Anati ku Mississi kuli bambo wina wogulitsa makala m'mbali mwa msewu amene anatola zinthu tsiku la ngozi, ndipo pakati pake pali fulashi. Kunja kunali kale anthu khumi kapena kuposerapo atanyamula maenvelopu. Ndinatsegula yakale, ndinayang'ana, ndinalankhula nako kamzereko mumtima kuti ndikukutenga lero. Ndinatseka, n'kuuza Mana Salima kuti anthuwo abwere mawa. Yatsopano sindinaitsegule. Shapa inali ikuliza kale hutala.

Bambo wamakalayo anandilandira bwino. Anandikhazika pa thumba, anapepesa za maliro, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini momwe munali ndolo imodzi, kiyi wa njinga ndi fulashi yakuda. Ya achemwali inali yofiira. Ndinaiyesabe pafoni yanga. Munali nyimbo zaukwati ndi zithunzi za anthu achilendo atavala zoyera. Ndinathokoza, ndinamubwezera, ndinaima pamsewu maola awiri kudikira galimoto.

Ndinafika ku Mandimba dzuwa litapendeka. Windo linali lotsegula, mzere utatha, ndipo Mana Salima anali pampando wanga akutikita zala. Anati za mawazo sizikanatheka chifukwa tsiku lomaliza linali lero, ndipo atsikana ena anachokera ku Ngauma pa njinga. Anati analemba ndi zala ziwiri, koma onse anapereka nthawi isanathe. Pagalasi panali pulogalamu yakale.

Ndinatsegula mndandanda. Mayina asanu ndi anayi, onse alero, onse a anthu ofuna uphunzitsi.

Sindikumbukira zonse zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinati sadziwa kanthu, ndinati ntchito yawo ndi kudina batani limodzi la fotokope, ndinatchulanso zoti sanali m'bale wathu. Anandisiya mpaka mawu atandithera. Kenako anati anaona kuti galasi likuoneka mosiyana ndi masiku onse, koma anadina pomwe ndimadina ine, ndipo chimene chinabwera ndi chimenecho.

Ndinakhala pansi pa simenti. Patapita nthawi ndinawafunsa chimene ndinkaopa kufunsa chibwerere: ngati anawaona achemwali akulemba kalatayo.

"Ndinawaona. Anakhala nayo kuyambira m'mawa, akulemba n'kufufuta. Wina akabwera pawindo ankaibisa."

"Anali okwiya?"

"Anandifulatira, Elio. Ndimangoona msana."

"Mungonena chabe, mana. Chilichonse."

"Ayi. Ndikakupekera lero, mawa udzandifunsa zina, ndipo ndidzapekanso. Chimene ndikudziwa n'chakuti za sukulu yako anali atamva kale. Anauzidwa ndi munthu wa m'sitima mwezi wathunthu asanalembe."

Ananyamula chikwama chawo, anandiuza kuti ndisaiwale kuzimitsa fotokope, anapita. M'mawa mwake ndinawapepesa. Anati zamveka, koma sanandiitanenso pa tiyi wa masana kwa sabata yonse.

Loweruka ndinaichotsa pulogalamu yakale. Ndinkaganiza kuti zitenga nthawi yaitali, koma madzi a tiyi asanawire inali itapita. Lolemba Mana Salima anasuzumira pagalasi ndikulembera agogo ena pempho la malo, ndipo anati kompyuta yayamba kuthamanga. Zinali zoona.